Mmene mungayendere Dark Harbor pa sitima ya Queen Mary osataya ndalama zanu pamzere

Amene muli ku California kapena mukubwera kudzaona abale mwezi wa Okutobala, ku Long Beach kuli malo omwe anthu amalipira ndalama zawozawo kuti akaopsezedwe, inde kulipira kuti munthu wodzipaka magazi kumaso akudzidzimutse mumdima iwe nkukuwa ngati waponda moto, ndiye musandifunse kuti nzeru zake zili pati chifukwa nanenso ndimazikonda. Dzina lake ndi Dark Harbor, zimachitika nyengo ya Halloween pa sitima yakale ya Queen Mary komanso pabwalo lomwe lili mmbali mwake. Amamanga tinjira tokhotakhota tamdima tomwe amatitcha maze, umalowa khomo lina nkutulukira kwina ndipo panjira ponse azisudzo abisala mmakona kudikira iwe. Zinayamba mu 2010, zinaima itabwera Covid mu 2020 pomwe sitimayo inatsekedwa, kenako zinabwereranso mu 2024.

Malo oopsezana ngati amenewa ku Los Angeles ndi ambiri, mapaki a zisangalalo monga Universal ndi Knott's ali ndi zawo, koma chomwe mukupitira ku Long Beach ndi sitimayo. Zonse ndikuuzeni apa zagona pamenepo, kuti usiku wanu ukathere mkati mwa sitima osati pabwalo kapena pamzere.

Muyambe mwaidziwa kaye sitimayo musananyamuke, chifukwa mukalowa osadziwa kanthu mungoona zitsulo ndi mdima basi. Queen Mary inapangidwa ku Clydebank ku Scotland ndi kampani ya John Brown, inalowa mmadzi mu 1934 ndipo ulendo wake woyamba wochoka ku Southampton kupita ku New York unali mu Meyi 1936. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 310. Kuti mumvetse, Ilala yathu ija ya panyanja, yomwenso inapangidwa mmbali mwa mtsinje womwewo wa Clyde, mungazindandalike zisanu mutu ndi mchira nkutsalabe malo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri anaipenta yotuwa nkumanyamula asilikali, anthu nkuipatsa dzina loti Grey Ghost, ndipo mu 1943 inanyamula anthu 16,683 paulendo umodzi wokha. Mu Okutobala 1942 inagunda sitima yankhondo ya HMS Curacoa yomwe inkaiperekeza nkuidula pakati, anthu opitilira 300 anafera mmadzi ndipo Queen Mary siinaime kuti iwapulumutse chifukwa lamulo linali loti osaima, kuopa sitima zapansi pamadzi za Germany. Itakalamba mzinda wa Long Beach unaigula ndipo yakhala padoko pomwepo kuyambira Disembala 1967, pano ndi hotelo komanso malo okaona zakale.

Nkhani za mizukwa zinamera pa mbiri imeneyi. Kuli chipinda B340 chomwe amati anthu sagonamo bwino, kuli dziwe losambira la a first class komwe amati kumamveka kamtsikana kakuseka, kuli chitseko nambala 13 kumunsi ku injini komwe mnyamata wina wa zaka 18 wogwira ntchito musitimamo anapanikizidwa nacho nkufa mu 1966. Ya mnyamatayi ndi yoona, ya kamtsikana ija ndi nthano yongokokera alendo. A Dark Harbor anatenga zonsezi nkupanga anthu awo a sewero, ndiye mukamva mayina ngati Captain, Scary Mary, Graceful Gale, Half Hatch Henry, Chef ndi Ringmaster dziwani kuti ndi amenewo. Ine pandekha zoti imfa yeniyeni ya mwana wa eni ake isanduke sewero sizimandikhala bwino kwenikweni, koma ndi mmene amachitira kuno, ndangoti mudziwe kuti mukamaseka muzidziwa chomwe mukuseka.

Tsopano kusankha tsiku, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa asanachoke nkomwe pakhomo. Samatsegula tsiku lililonse, ndi mausiku osankhika kuyambira chakumapeto kwa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Aliyense amafuna Loweruka la kumapeto kwa Okutobala kapena pa 31 penipeni, ndiye masiku amenewo tiketi imadula komanso anthu amakhala pikitipikiti, maze ya mphindi zochepa nkuimira pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ngati ntchito ikulolani pitani Lachinayi kapena Lamulungu, kapena masabata oyambirira anthu asanatenthe nazo mutu. Zoopsa zake ndi zomwezo, azisudzo ndi omwewo, kungoti mumalowa msanga komanso mumalipira zochepa.

Tiketi gulani pa intaneti pa webusaiti yawo yeniyeni, osati kwa munthu wa pa Facebook woti mlongo wanga wadwala ndiye ndikugulitsa motchipa, ameneyo akudyerani. Mtengo umasintha malinga ndi tsiku komanso pomaliza amawonjezerapo tindalama tina ta fizi, ndiye musawerengere mtengo womwe mwauona poyamba, dikirani mufike polipira penipeni. Pali tiketi wamba, pali ina yodulirapo yodumphira mzere. Maganizo anga ndi awa, ngati mwasankha tsiku lopanda anthu ambiri ndipo mufika molawirira, ya wamba ikukwanirani. Koma ngati mwakakamizika kupita Lachisanu kapena Loweruka chifukwa cha mashifiti, lumani mano mugule yodumphira mzereyo, apo ayi mudzabwerako mutalowa maze ziwiri zokha nkumadandaula mgalimoto njira yonse. Mukagula jambulani tiketiyo pa foni isungike mu zithunzi, netiweki pamalo podzadza anthu imavuta ndipo simukufuna kumasakasaka imelo muli pageti anthu akukuyang'anani kumbuyo.

Musanalipire muganizirenso amene mukupita nawo. Izi si za ana ang'onoang'ono ayi, eni ake amachenjeza okha, ndipo mwana wa zaka 7 mukamutengera kumeneko mudzagona naye pabedi panu mpaka Khrisimasi. Amayi oyembekezera, a vuto la mtima kapena BP, a khunyu, a mphumu, awa akhale kaye pansi aganize, chifukwa muli magetsi othwanimathwanima, utsi wopanga wambiri komanso phokoso logonthetsa mkhutu. Amene amabanika akakhala malo opanikizika ndiye mkati mwa sitima mukawavuta kwambiri. Komanso ngati pali wina pagulu panu yemwe kutchalitchi kwawo kapena mumtima mwake za Halloween sagwirizana nazo, musamukakamize ndi zoti ndi masewera chabe, msiyeni, akakhala wokhumudwa usiku onse nkukuwonongerani nonse. Gulu labwino ndi la anthu anayi kapena asanu, mukachuluka kwambiri amakugawani pakhomo la maze ndiye kumayamba kudikirana.

Zovala. Nsapato ndiye nkhani yaikulu, valani zotseka zala zopanda chidendene chachitali, masiniika basi. Musitima muli masitepe achitsulo otsetsereka, pansi pena mposalingana, zitseko zina zili ndi chitsulo chotukuka pansi choti udumphe, ndiye zonsezi mukuziyenda mumdima mtima uli mmwamba. Azimayi a mahilu ndi mapatapata amavutika zedi. Panja mphepo ya kunyanja usiku imazizira ndithu koma mkati mwa sitima mumatentha thukuta kuchita kamukamu, nde tengani kajuzi kopepuka koti mutha kumanga mchiuno, osati chijekete chachikulu. Wigi ngati siinagwire bwino isiyeni kunyumba, ndanena. Zodzipaka kumaso ndi zigoba musavale musanawerenge malamulo a chaka chimenecho, malo ngati awa kawirikawiri salola kuti alendo abise nkhope chifukwa asekyurite amafuna adziwe wantchito ndi uti mlendo ndi uti. Chikwama chachikulu chisiyeni, pageti amasecha ndipo chingokuchedwetsani. Mthumba mukhale foni yodzadza moto, khadi yaku banki ndi ID. Mowa ku America ndi wa zaka 21 kupita mmwamba ndipo amafunsa ID ngakhale muli ndi imvi, ngati mulibe laisensi yakuno tengani pasipoti koma muisunge mthumba la zipi.

Kafikidwe. Sitimayo ili pa 1126 Queens Highway, tsidya lina la madzi kuchokera mtauni ya Long Beach. Pagalimoto mumatsika ndi msewu wa 710 mpaka kumapeto kwake, zikwangwani za Queen Mary zimakulondolerani zokha. Vuto ndi thirafiki ya Los Angeles madzulo, GPS ikakuuzani mphindi 40 inu werengerani ola ndi theka, ndikunena Lachisanu makamaka. Pakingi ndi yolipira ndipo siitchipa, onani pa webusaiti ngati mungalipiriretu komanso komwe akuimika magalimoto chaka chimenecho. Opanda galimoto kwerani sitima yapanjanji ya Metro A Line kuchokera mtauni ya Los Angeles mpaka Downtown Long Beach kenako Uber kapena Lyft kuwoloka buliji, ndi pafupi. Kungoti pobwerera muonetsetse nthawi ya sitima yomaliza, Dark Harbor imatha pakati pausiku ndipo nthawi imeneyo aliyense akuitana Uber kamodzi mtengo nkukwera. Ndege ngati mukuchokera state ina, bwalo la Long Beach lili pafupi kuposa LAX, bwalo lalikulu la ndege la Los Angeles.

Ngati nthawi ilipo fikani masana mukaione sitimayo kukuwala, tiketi yake ndi yosiyana koma simudzadandaula. Mumatsika ku injini, mumaona chipalasiro chimodzi chachikulu chomwe anachisiya mmadzi, mumayenda pa deki yamatabwa kuyang'ana mzinda, mumakhala pa Observation Bar yomwe ikadali ndi kamangidwe ka mma 1930. Winston Churchill anakwerapo sitima imeneyi kangapo nthawi ya nkhondo. Ukaona masana mmene makolido ake alili ataliatali opanda mawindo, usiku ukamabwereramo mantha ake amakhala ena, chifukwa umadziwa kuti zitsulozi si za sewero. Idyaninso nthawi yomweyi, tsidya linalo ku Shoreline Village kapena ku Pine Avenue malo odyera ndi ambiri, chakudya cha mkati mwa Dark Harbor ndi chodula komanso ndi mzere winanso.

Geti amatsegula chakumadzulo dzuwa litalowa, nthawi yeniyeni ili pa tiketi yanu, inu mukhale mutaima pageti mphindi 30 kapena 45 isanakwane. Nthawi yachimalawi ija isiyeni kunyumba abale, ola loyamba ndi lomwe mizere imakhala yaifupi ndipo mukaliphonya simulipezanso. Pitani kutoileti musanalowe maze yoyamba, sindikuseka.

Mukangolowa mupeza bwalo ladzadza zinthu, nyimbo, anthu ovina ndi moto, mabala, zokwera, azisudzo akuyendayenda pakati pa anthu. Pali ena amavala zitsulo mmaondo ndi mmanja, amathamanga nkudzigwetsa nkutsetsereka pansi mpaka pamapazi pako moto ukuthetheka pa simenti, amenewa ndi omwe amagwetsa anthu zakumwa. Zonsezi nzokoma koma musaime. Anthu ambiri amaima pomwepa kujambula ndi kugula mowa, kapena kulowa maze yoyamba yomwe aiona pafupi ndi geti. Inu tengani mapu kapena funsani wantchito aliyense kuti maze za musitima zili mbali iti, nkulunjika komweko. Mayina amasintha chaka ndi chaka koma Lullaby ya Scary Mary ndi Feast ya Chef uja wophika anthu ndi zina mwa zomwe zakhala zikuchitikira mkati mwa sitima. Malizani za musitima zonse kaye, za pabwalo zibwere pambuyo. Chifukwa chake nchakuti tinjira ta musitima ntating'ono, anthu amalowa pang'onopang'ono ndiye mzere wake ukakula sutha msanga, komanso usiku ukamapita mkatimo mumatentha kwambiri ndi mpweya wa anthu. Za pabwalo zija ndi zomanga ndi matabwa, nzabwino ndithu koma zotere mukhoza kuzipeza kwina kulikonse.

Pakhomo la maze gwirizanani kaimidwe. Wamantha kwambiri amathamangira kukhala pakati poganiza kuti wabisala, koma azisudzo aja ntchito yawo ndi imeneyi, amayang'ana yemwe wagwira mnzake malaya mutu uli pansi nkumusankha ameneyo. Wakutsogolo amakumana ndi zambiri koma amaziona zikubwera, wakumbuyo ndi amene amatsatidwa mwakachetechete mpaka atatembenuka nkupeza nkhope ili paphewa. Ndiye palibe malo abwino, ingosinthanani maze iliyonse. Ndipo chonde musaitanane mayina mokweza, akangomva kuti uyu ndi Chikondi basi dzina limenelo liyenda maze yonse, uzingomva Chikondiii kuchokera kumdima kkkk. Ngati mukufuna kumupweteka mnzanu njira yake ndi yomweyo.

Siyani kampata pakati pa gulu lanu ndi lomwe lili patsogolo. Mukawaunjikira kumbuyo zoopsa zonse zigwera iwo, inu muzingoona wazisudzo akubwerera pobisala pake, ndalama yapita pachabe. Yendani pang'onopang'ono, muziyang'ananso mmwamba ndi mmbali chifukwa anakongoletsa mwaluso ndipo pena mumadutsa malo enieni a sitima omwe masana alendo safikako. Koma osaima nji kutsekereza anzanu, ndipo osathamanga. Kuthamanga musitima ndi komwe kumavulaza anthu, mutu kugunda paipi kapena bondo pachitsulo. Pamasitepe gwirani chogwirira ndi dzanja limodzi, mnzanuyo mugwireni ndi linalo. Zaka zina maze ina imakhala ndi malo oti uwerame kapena kukwawa kumene, ngati bondo kapena msana sulola uzani wantchito pakhomo akuuzeni njira ina.

Lamulo lalikulu ndi loti osakhudza azisudzo. Iwo amakuyandikira mpaka kumva mpweya wawo koma cholinga si kukugwira, nawenso usawagwire. Vuto ndi loti ena tikadzidzimuka dzanja limapita lokha, ndiye ngati mukudzidziwa kuti ndinu a chibakera chapafupi ikani manja mthumba kapena gwirani malamba a kachikwama. Mukamenya munthu asekyurite amakutulutsani, ndalama sabweza, ndipo kuno nkhani yomenya munthu imafika kupolisi mosavuta, kwa amene muli pa viza simukufuna zimenezo. Kumbukirani kuti mkati mwa chigoba chija muli mwana wa sukulu kapena munthu woti mmawa alinso ndi ntchito ina. Tochi ya foni osayatsa mu maze, kujambulanso mkatimo kawirikawiri amaletsa, zithunzi kajambuleni pabwalo, azisudzo a panja ambiri amalola mukawapempha bwino ngakhale amayankha mwa sewero lawo lomwelo.

Zikakukulirani mkati, mwina mtima wathamanga kwambiri kapena mpweya ukuchepa, musalimbe mtima mwachabe. Muli antchito ovala wamba kapena yunifomu omwe amaima mmakona, auzeni kuti mukufuna kutuluka akutulutsirani khomo lapafupi. Wazisudzo amene mukamuuza mwachindunji kuti simuli bwino amasiya sewero nkuitana thandizo. Koma kukuwa kuti mayo ndafa ine sikuwerengedwa, kumeneko ndiye kumawapatsa mphamvu.

Mukamaliza za musitima ndi pomwe mupume. Imwani madzi kaye, thukuta lomwe mwataya ndi lambiri. Kenako zungulirani pabwalo, onerani a moto aja, lowani maze zotsalazo. Dark Harbor imadziwikanso ndi timabala tobisika, tina timakhala mkati mwa maze mwenimweni kuseri kwa chitseko chomwe sungachiganizire, ndipo kalowedwe kake amasintha, pena pamafunika kachizindikiro komwe azisudzo kapena ogulitsa mowa amapatsa anthu omwe acheza nawo bwino. Funsani wa pa bala mwaulemu, musaiwale tipu, kuno dola imodzi kapena ziwiri pa chakumwa ndi mwambo. Koma mowa ukhale wa pambuyo ndipo wochepa, munthu woledzera pa masitepe a sitima ya 1936 mumdima ndi ngozi, komanso akakuonani mukudzandira sakulowetsani. Woyendetsa galimoto asalawe nkomwe, DUI, mlandu woyendetsa galimoto utaledzera, ku California imawononga moyo wa munthu.

Ola lomaliza mizere imayambanso kufupika chifukwa ambiri atopa akupita, ndiye ngati pali maze yomwe inakukomerani bwererani kachiwiri, onani kaye ngati tiketi yanu ikulola kubwereza. Ulendo wachiwiri ndi womwe umaona zinthu bwinobwino popeza woyamba maso amakhala otseka theka la njira. Ngati mukudalira Uber tulukani mphindi 20 asanatseke anthu asanakhamukire pageti, ndipo gwirizanani malo okumana mukangofika, monga pafupi ndi geti lolowera, chifukwa mafoni amatha moto ndipo phokoso lake simungamvane.

Amene thumba likulola mukhoza kugona musitima momwemo, hotelo inatsegulidwanso mu 2023 ndipo zipinda zake ndi makabini akale aja, ambiri okhala ndi timawindo tozungulira. Mausiku a Dark Harbor zimadzadza msanga ndiye bukani masabata angapo zisanachitike. Dziwani kuti makoma ake ndi opyapyala, mumamva oyandikana nawo akutsokomola, mapaipi amalira okha usiku, nyimbo za pabwalo zimamveka mpaka atatseka, ndiye tengani zotseka mmakutu. Polembetsa funsani ngati mtengo wa chipinda ukuphatikiza tiketi ya Dark Harbor ndi pakingi kapena chilichonse nchapachokha, kuti bilu isadzakudzidzimutseni mmawa kuposa Scary Mary.